Werewolf patebulo: malamulo a D&D 5e, 3.5 kapena Pathfinder 2e?

Mu Monster Manual (buku la zilombo) ya 2014 ya D&D 5e (mtundu wachisanu wa masewera a patebulo a Dungeons & Dragons), munthu wosanduka mmbulu (werewolf) ali ndi HP (mapointi a moyo) 58 zokha, koma chida wamba sichimulowa n'komwe. Kaya umuteme, umubaye kapena umuphwanye ndi chibonga, palibe bala, pokhapokha chidacho chikhale chamatsenga kapena chokutidwa ndi siliva. Kukuta chida chimodzi ndi ndalama zagolide 100, zomwe gulu longoyamba kumene silikhala nazo. Ndiye taonani zomwe zimachitika: wosewera fighter (msilikali) waponya dayisi, yagwa pa 19, DM (woyendetsa masewerawo) n'kumuuza kuti lupanga langoterereka pa ubweya, kwinaku wizard (wamatsenga) akuchiwotcha chilombocho ndi fire bolt (matsenga a moto) mosavutika. Munthu wabwera kudzasewera, koma nkhondo yonse akungoonerera anzake. Lamulo limeneli ndimadana nalo, ndipo Monster Manual ya 2025 inachita bwino kulichotsa.

D&D 3.5 ya 2003 inaganiza mozama. Wobadwa ndi temberero losanduka mmbulu amachotsa 10 pa bala lililonse la chida chopanda siliva, wochita kulumidwa amachotsa 5. Nkhwangwa ikatema 14, zinayi zimalowabe. Mantha alipo, koma wankhwangwa ali ndi chochita. Pathfinder 2e, masewera ena ofanana nawo, inatembenuza nkhaniyi: chida chilichonse chimamuvulaza, siliva amangowonjezera 5. Kuwerengetsa n'kosavuta, kungoti chilombocho sichiopsanso kwenikweni.

Pa temberero m'pamene 3.5 imawasiya kutali anzake. Mu 5e ukalumidwa n'kulephera Constitution save ya DC 12 (kuponya dayisi koti thupi lipirire, kofuna 12 kapena kupitirira), cleric (wansembe) wa level 5 amangochita remove curse (matsenga ochotsa temberero), nkhani yatha. Mu 3.5 uli ndi ola limodzi loti udye belladonna, chomera chomwe pachokha ndi poizoni, kuti upeze mwayi wa Fortitude save (save ya thupi) ya DC 20. Ukachedwa, remove curse imagwira ntchito m'masiku atatu okha amene mwezi uli wathunthu, ndipo uyenerabe kupambana Will save (save ya maganizo). Masiku odikira amenewa, gulu likukangana ngati limumange mnzawo unyolo usiku kapena ayi, ndiwo amakoma kusewera.

Komanso 3.5 imapereka template (ndondomeko yopangira chilombo chotere) yoika pa nyama zosiyanasiyana, pamene buku la 2014 lili ndi mitundu isanu yokha: mmbulu, chimbalangondo, nguluwe, khoswe ndi tiger. Amene tinakula tikumva za afiti osanduka afisi tikhoza kupanga munthu-fisi popanda kupeka malamulo atsopano. Vuto lake ndi ntchito, chifukwa manambala uwawerengetsa katatu, a munthu, a nyama ndi a pakatikati.

Ngati gulu lanu lili pa 5e, musasinthe buku. Chotsani chitetezo chija, ikani lamulo lochotsa 5 pa chida chopanda siliva, ndipo remove curse izigwira pa mwezi wathunthu pokha.