North American Festival of Wales: ndalama zanu zimabwerera Lamulungu masana

Chikondwerero chimenechi, cha chikhalidwe cha ku Wales (limodzi mwa mayiko a mu United Kingdom), chimachitika ku North America chaka chilichonse kumapeto kwa sabata ya Labor Day, tchuthi cha anthu apantchito ku America, kuyambira Lachinayi mpaka Lamulungu, chakumapeto kwa Ogasiti kapena chakumayambiriro kwa Seputembala. Amene amachikonza ndi bungwe la Welsh North American Association, ndipo chiyambi chake ndi msonkhano wa nyimbo umene unachitikira ku Niagara Falls mu 1929. Sichikhala pamalo amodzi. Mu 2022 chinali ku Philadelphia, mu 2023 ku Lincoln m'chigawo cha Nebraska, mu 2024 ku Pittsburgh, ndipo zaka zina chimawolokera ku Canada. Ambiri obwera ndi zidzukulu za anthu a ku Wales amene anadzakumba malasha ku Scranton ndi Wilkes-Barre, kapena kudzalima kumwera kwa Ohio.

Pulogalamu ndi yodzaza: maphunziro a mbiri ndi chiyankhulo, mpikisano wa nyimbo ndi ndakatulo wotchedwa eisteddfod, kamsika ka mabuku, tiyi ndi makeke a ku Wales, komanso konsati yaikulu. Zonsezi ndi zabwino ndithu, koma zambiri mwa izo mutha kuzipeza kwina. Chimene simungachipeze mosavuta ndi gymanfa ganu ya Lamulungu.

Gymanfa ganu (katchulidwe kake kali pafupi ndi "gamanva gani") ndi msonkhano woimba nyimbo zauzimu m'mawu anayi. Palibe kwaya yoimbira anthu. Holo yonse ndiyo kwaya. Anthu amakhala mogawikana, a sopulano pawo, a aluto pawo, a tena ndi a besi chimodzimodzi, kutsogolo kuli wotsogolera nyimbo ndi woimba limba. Ndime zina amaimba m'Chiwelishi, zina m'Chingerezi. Wotsogolera ali ndi ufulu woimitsa nyimbo pakati, kukonza mzere umene sunamveke bwino, kapena kubwereza kolasi kawiri katatu ngati waona kuti anthu atenthedwa nayo. Nyimbo ngati Cwm Rhondda, imene John Hughes anapeka mu 1907, ndi Aberystwyth ya Joseph Parry, yemwe anakulira ku Danville ku Pennsylvania, zinalembedwa kuti mawu onse anayi akhale ndi ntchito. Besi ikasowa, theka la nyimbo lapita.

Apa ndi pamene obwera koyamba amalakwitsa. Bambo amafuna kukhala pambali pa mayi akunyumba, ndiye mawu a besi amamira pakati pa a sopulano, mapeto ake bamboyo amangotsatira mawu otsogolera. Patukanani kwa maola awiriwo, mukumananso pa tiyi. Ngati mzere wanu simuudziwa bwino, khalani pakati pa gulu lanu kapena kutsogolo kwa munthu wa mawu amphamvu. Kumphepete mumamva kwambiri gulu loyandikana nalo, ndipo limakukokani.

Vuto lalikulu ndi kukoka nyimbo. Chifukwa chake si ulesi. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, choncho amene wakhala mamita 30 kuchokera pa limba amalimva mochedwa pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Akamadikira kumva kaye asanaimbe, amachedwa. Akutsogolo nawo amamva akumbuyo akuchedwa n'kuyamba kuwadikira, ndipo pofika ndime yachitatu nyimbo yachisangalalo imakhala ngati ya pamaliro. Mankhwala ake ndi amodzi: kwezani buku lifike pachifuwa, maso akhale pa dzanja la wotsogolera. Dzanja mumaliona nthawi yomweyo.

Malo nawonso amasintha zinthu, ndipo popeza mzinda umasintha chaka ndi chaka, yang'anani kumene gymanfa ichitikire musanalipire. Tchalitchi cha miyala kapena holo yomangidwira nyimbo imabweza mawu, munthu n'kumamva kuti anzake akumunyamula. Chipinda chamisonkhano cha m'hotela, cha kapeti ndi denga lotsika, chimameza mawu. Aliyense amadzimva yekha, amayamba kukuwa, ndipo kukhosi kumauma msanga. Zikakhala choncho musalimbane nacho chipindacho, imbani mwa mphamvu yanu yamasiku onse, madzi akhale pafupi.

Chiwelishi chisakuopseni. Chimawerengedwa monga chalembedwera mukangodziwa zilembo zochepa. Chilembo f chimamveka v, pamene ff ndiye f. Pa dd, ikani nsonga ya lilime pakati pa mano n'kutulutsa mawu. Pa ll, ikani lilime monga mukufuna kunena l, kenaka tulutsani mpweya wokha m'mbali mwake. W ndi y nthawi zambiri ndi mavawelo. Mawu ambiri amatsindikidwa pa silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto, zimene lilime lozolowera Chichewa limachita kale palokha. Pezani buku la nyimbo la bungweli nthawi ikadalipo, muwerenge ndimezo mokweza kunyumba musanaziike pa nyimbo. Kuphunzira mawu ndi manotsi nthawi imodzi m'holo sikutheka.

Chodandaulitsa chenicheni ndi mtengo wa ulendo. Labor Day ndi tchuthi chimene anthu ambiri ku America amakhala pa ulendo, ndiye ndege ndi mahotela sizitsika mtengo, ndipo konsati ndi phwando la madzulo zimakhala ndi matikiti akeake. Izi zimathandizira kuti mitu yaimvi ichuluke kuposa achinyamata. Ngati thumba ndi lopanda mphamvu, dikirani chaka chimene chikondwererochi chafika pafupi ndi kwanu, mufike Loweruka, mugone usiku umodzi. Tikiti yobwerera isakhale ya Lamulungu masana.