Chitsulo cha mapiko ofanana kapena osafanana pa mlatho wa oyenda pansi

Mlatho woolokera mtsinje wa Mudi ku Blantyre ungagone pa zitsulo za mitundu iwiri. Choyamba ndi chija chooneka ngati chilembo cha I, mapiko ake apamwamba ndi apansi ofanana. Chimagulidwa chopangapanga, sichivuta kuika.

Chachiwiri amachita kuwotcherera: phiko lapansi lalikulu, lapamwamba laling'ono. Konkire yothira pamwamba, poyenda anthu paja, ikauma n'kugwirana ndi chitsulo, ndiyo imasenza kupanikizika, pomwe phiko lapansi limakokeka, choncho chitsulo chambiri chimakhala pomwe chikufunikadi. Koma konkire isanaume, kaphiko kapamwambako kamatha kupotokera kumbali. Apa zogwiriziza zoletsa kupotokako musaziumire.

Pa mlatho wautali ine ndingasankhe chachiwiri, bola wowotcherera akhale katswiri. Pa ngalande za ku Ndirande choyamba chija chikukwana.