The Four Year Plan patatha miyezi isanu ndi inayi: kuseka kuja kunandithera

Tsiku lomwe ndinagula chimbale cha DVD cha The Four Year Plan ndinachionera usiku womwewo, ndipo kusanache ndinali nditalemba kale maganizo anga: kuti filimu ya mpira yoseketsa chonchi sindinaionepo, ndipo aliyense wokonda mpira aigule. Tsopano papita miyezi isanu ndi inayi. Ndaionera yonse kasanu ndi kawiri, osawerengera masiku omwe ndimangodumphira pamalo ena pofuna kuonetsa mlendo. Zoti muigule ndikadali pomwepo. Koma zija ndinati ndi yoseketsa, ndinafulumira kuyankhula.

Kwa amene simunaionere, nkhani yake ndi ya timu ya Queens Park Rangers, kapena kuti QPR, yomwe imasewerera pa Loftus Road kumadzulo kwa mzinda wa London. Timuyi inatuluka mu Premier League mu 1996, ndipo pofika 2007 inali itamira m'ngongole. Chaka chimenecho inagulidwa ndi akuluakulu awiri a mpikisano wa galimoto wa Formula One, Flavio Briatore ndi Bernie Ecclestone, kenaka banja la Lakshmi Mittal, mpondamatiki wa zitsulo, linagulanso gawo lina n'kuikamo mkamwini wawo Amit Bhatia kuti aziliimirira. Analonjeza kuti m'zaka zinayi timuyi ikhala itabwerera mu Premier League, ndipo dzina la filimuyi likuchokera pamenepo. Wojambula, Mat Hodgson, analoledwa kulowa ndi kamera pena paliponse: m'maofesi, m'misonkhano ya eni timu, komanso pamipando ya mabwana mpira uli mkati. Filimuyi inatuluka mu 2011.

Ulendo woyamba maso onse amathera pa Briatore, ndipo palibe kuchitira mwina. Bamboyu amatukwana makochi ake omwe kamera ikujambula, osachita nayo manyazi. Amawatcha zitsiru. Masapota atamukuwa, amafuna apatsidwe mayina a anthu amene amukuwawo, n'kumaopseza kuti agulitsa timu. Mpira uli mkati amatumiza uthenga kwa kochi kuti alowetse wakuti, atulutse wakuti. Makochi nawo amangosinthana ngati alonda: John Gregory, Luigi De Canio, Iain Dowie, Paulo Sousa, Jim Magilton, Paul Hart, pakati pawo n'kumadutsa ogwirizira monga Gareth Ainsworth ndi Mick Harford. Dowie anangotsogolera masewero 15. Hart asanu basi. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo amene ndinkaonera nawo anachita kundiuza kuti ndichepetse phokoso ana agona.

Kuseka kunayamba kuchepa pa ulendo wachitatu, chifukwa cha masewero amodzi omwe poyamba ndinkawatenga ngati nthabwala yaikulu ya filimu yonse. Anali a mu 2008, QPR ikusewera ndi Cardiff City, timu ili m'manja mwa Ainsworth. Briatore akukakamira kuti Gavin Mahon alowe. Mahon analowadi, n'kugoletsa chigoli chomwe chinapatsa QPR chipambano. Briatore anadumpha ngati mwana, nkhope yake ikuchita kunena kuti ndinakuuzani ine. Wamisala anaona nkhondo. Koma taganizani za Ainsworth tsiku limenelo. Timu yapambana, koma ulemu wonse wapita kwa bwana, ndipo kuyambira pamenepo bwanayo ali ndi umboni woti amadziwa mpira kuposa anthu amene iye mwini amawalipira kuti audziwe. Kochi aliyense amene anabwera pambuyo pake anali kulipira ngongole ya chigoli cha Mahon. Izi sindinazione ulendo woyamba, ndinali kalikiliki kuseka.

Munthu amene wandikulira m'maso pa miyezi yonseyi ndi Gianni Paladini. Iyeyu anali kale wapampando wa timuyi anthu achumawa asanabwere, ndipo anatsala. Ntchito yake mufilimuyi ndi yonyamula uthenga. Foni ili kukhutu, akuthamanga m'makonde, akutsika masitepe kukapereka mawu a bwana kumunsi, akubwerera kudzalandira ukali wina. Poyamba ndinkamuona ngati kalikonde wongovomera zilizonse. Tsopano ndikamaonera ndimayang'ana nkhope yake Briatore akamayankhula, osati ya Briatore. Mumaona munthu wotopa, woopa kuchotsedwa, yemwe timu akuikondadi koma sangathe kunena kuti ayi. Aliyense amene anagwirapo ntchito pakati pa bwana waukali ndi antchito anzake amudziwa Paladini. Ndipo nkhani ikamafika kumapeto, mlandu umene ukanagwetsa chilichonse ukugwera pamutu pa iye yemweyo. Sindikunena kuti anali wopanda chifukwa. Ndikungoti filimuyi imakulolani kumumvera chisoni ndi kumukayikira nthawi imodzi, ndipo ndi chifukwa chake sitopetsa kuibwereza.

Mlanduwo ndi wa Alejandro Faurlín, wosewera pakati wa ku Argentina yemwe QPR inamugula kuchokera ku Instituto mu 2009. Bungwe loyendetsa mpira ku England la FA linaimba timuyi mlandu mu Malichi 2011 pa nkhani yoti anthu ena apadera anali ndi gawo pa umwini wa wosewerayu, zomwe malamulo a ku England saloleza. Apa n'kuti QPR ili pamwamba pa ligi ya Championship, yomwe ili pansi pa Premier League, ndipo mantha anali akuti ilandidwa mapointi. Pa 30 Epulo inagonjetsa Watford 2-0, zomwe zinkatanthauza kuti yatenga ligi, koma palibe amene akanasangalala ndi mtima wonse. Chigamulo chinadzabwera pa 7 Meyi, tsiku la masewero omaliza ndi Leeds United, nthawi yoyamba mpira itatsala pang'ono: chindapusa cha mapaundi 875,000, mapointi osakhudzidwa. Masewerowo QPR inagonja 2-1, koma ndani ankasamala? Inamaliza ndi mapointi 88, n'kukweza chikho.

Chigawo chimenechi ndi chomwe chakhalabe ndi mphamvu. Mathero ndikuwadziwa, chindapusa ndachiloweza, komabe mtima umagunda ndikamaona anthu akuyendayenda m'makonde kudikira foni. Mafilimu ambiri a mpira ukadziwa zotsatira amazizira ngati nkhani yadzulo. Apa ayi, chifukwa chomwe ukuonera si zigoli koma nkhope za anthu amene ntchito yawo ya zaka zinayi ili m'manja mwa anthu ena otsekeredwa m'chipinda chakutali.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandisowetsa mtendere, ndipo ndakangana nacho ndi alamu anga kangapo. Pulani ija inatheka. Ananena zaka zinayi, ndipo m'zaka zinayi QPR inalowadi mu Premier League. Alamu amati basi, nkhani yatha, bwana waukali ndiye amabweretsa zipatso, ofatsa amangowononga ndalama. Ine ndimawauza kuti aonerenso bwino nthawi imene zinthu zinayamba kuyenda. Briatore anatula pansi udindo wa wapampando mu Febuluwale 2010, patangopita miyezi yochepa chichokereni ku timu ya Formula One ya Renault pa nkhani ya ngozi yochita kukonza pa mpikisano wa ku Singapore wa 2008. Mwezi wotsatira kunabwera Neil Warnock kuchokera ku Crystal Palace, Bhatia ndi anthu ake n'kuyamba kumveka kwambiri, ndipo kochi anasiyidwa kuti agwire ntchito yake. Warnock anabweretsa amuna odziwa ligi imeneyi, monga Paddy Kenny pagolo, Shaun Derry ndi Clint Hill, n'kumanga timu mozungulira Adel Taarabt, mnyamata wa ku Morocco waluso lodabwitsa koma wovuta kumuweta, mpaka kumupatsa ukaputeni. Taarabt anagoletsa zigoli 19 mu ligi ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu Championship chaka chimenecho. Ndiye pulani inatheka chifukwa cha ndalama za mabwana, inde, koma inatheka mwini phokoso atakhala pambali. Alamu amayankha kuti popanda phokosolo ndalamazo sizikanabwera. Apa ndiye timasiyana, ndipo filimuyi siweruza mlandu wathu. Ilibe wofotokoza nkhani woti akuuzeni chomwe muganize.

Tsopano zofooka, zomwe ndinazibisa kapena sindinazione m'malemba anga oyamba.

Mpira weniweni ndi wochepa. Ngati mukufuna kuona luso la Taarabt mokwanira, kapena kumvetsa momwe Warnock ankayalira timu m'bwalo, mukhumudwa. Kamera imakonda kukhala m'mwamba ndi mabwana. Osewera amangodutsa, ndipo makochi ochotsedwa aja ambiri a iwo timawaona kudzera m'maso mwa amene akuwachotsa. Sousa, mwachitsanzo, anachoka mu Epulo 2009 pa nkhani yokhudza kubwereketsa Dexter Blackstock ku Nottingham Forest, koma mbali yake ya nkhaniyo simuimva mokwanira. Masapota nawonso, omwe anakwezeredwa mitengo ya matikiti n'kusinthiridwa chizindikiro cha timu yawo mu 2008, amamveka ngati phokoso lochokera kunja kwa zenera. Pa ulendo woyamba izi sizidandaulitsa chifukwa Briatore wadzaza chipinda chonse. Pa ulendo wachisanu umayamba kufunsa kuti nanga enawa anali kuganiza chiyani.

Chinanso ndi liwiro. Zaka zinayi zapanikizidwa mu ola limodzi ndi theka ndi mphindi zochepa, moti pakati pake makochi amalowa ndi kutuluka usanaloweze n'komwe nkhope zawo. Mnzanga wina yemwe satsatira mpira wa ku England anasokonezeka mpaka tinachita kuimitsa chimbale kuti ndimulembere mayina papepala. Komanso konzekerani kuwerenga. Briatore ndi Paladini nthawi zambiri amayankhulana m'Chitaliyana, ndipo mawu otanthauzira amalembedwa m'munsi mwa chithunzi. Iyi si filimu yoonera uku ukuchita zina. Ukangoyang'ana kumbali, chitonzo chabwino kwambiri chakudutsa. Ndipo mawu otukwana ndi ambiri, olembedwa ndi oyankhulidwa omwe, choncho si ya kuonera ndi ana kapena apongozi. Ine ndinaphunzira mochedwa.

Za chimbale chenichenicho ndilibe dandaulo lalikulu. Chithunzi si chonyezimira ngati cha mafilimu a masiku ano, chifukwa zambiri zinajambulidwa ndi kamera yapamanja m'makonde ndi m'maofesi a kuwala kochepa, ndipo pa wailesi yakanema yaikulu zimenezi zimaonekera. Mawu pena amamira m'phokoso la bwalo. Koma kusasalala kumeneku n'kumene kumakupatsa mtima woti walowa malo osayenera kulowa. Changa chinakalika pang'ono mwezi wachisanu nditabwereketsa, chinabwera chopanda chikuto chili m'thumba la jekete, ndipo tsopano chimadodoma masekondi angapo cha pakati. Mlandu ndi wanga, wobwereketsa. Ndinachipukuta ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete, ndipo chikuwerengekabe.

Ena andifunsa chifukwa chosungira chimbale masiku ano pomwe mafilimu otere adzaza pa intaneti. Ndaonera angapo a matimu akuluakulu omwe anatuluka zaka za pambuyo pake, ojambulidwa bwino, nyimbo zake zokoma, kuwala kwake ngati kwa paukwati. Koma ambiri ukamaonera umamva kuti timu inakhala pansi n'kusankha chomwe uone. Kochi akamakalipa m'chipinda chovalira umachita kuona kuti akudziwa pomwe kamera yaima. Mu The Four Year Plan anthu aja anaiwala kamera, kapena ankadziona akuluakulu kwambiri moti sankaiopa. Sindikhulupirira kuti pali mwini timu lero amene angalolenso kujambulidwa chonchi, makamaka ataonera filimu yomweyi. Zinthu za pa intaneti zimabwera n'kuchotsedwa malinga ndi mapangano a makampani. Iyi ndikufuna izikhala pa shelefu panga.

Chomwe chasintha kwambiri kaonedwe kanga n'chakuti m'miyezi imeneyi ndakhala ndikukumbukira zomwe zinatsatira filimu itatha. Mu Ogasiti 2011 Tony Fernandes, mwini ndege za AirAsia, anagula magawo a Briatore ndi Ecclestone. Mu Januwale 2012 Warnock, yemwe mufilimuyi ndiye mpulumutsi, anachotsedwa ntchito, m'malo mwake n'kubwera Mark Hughes. QPR inapulumuka movutikira kutuluka mu Premier League chaka chimenecho, tsiku lomwe lija Sergio Agüero anagoletsa chigoli cha m'mphindi zomaliza chomwe chinapatsa Manchester City ligi, koma mu 2013 QPR inatsikanso. Chaona mnzako chapita: mpando womwe unadya Dowie, Sousa ndi Hart unamudyanso Warnock, patangotha miyezi isanu ndi itatu chikwezereni chikho.

Ndiye sabata yatha, nditaika chimbale ulendo wachisanu ndi chiwiri, ndinafika pomwe chigamulo chamveka, anthu akukumbatirana, bwalo lonse la Loftus Road likuimba. Kale ndinkakweza mawu pamenepa. Ulendo uno ndinangoyang'ana Warnock akumwetulira pakati pa osewera ake, ndikuwerenga pa zala miyezi yomwe yamutsalira. Alamu anga anali pambali panga akuomba m'manja, ndipo atanyamuka anapempha kuti abwereke chimbalecho. Ndinawauza kuti azibwera kudzaonera konkuno.