Audio kapena The Complex: muyambe ndi chimbale chiti cha Blue Man Group?

Anzanga amene anaonapo timavidiyo ta amuna atatu opaka buluu kumaso akumenya mapaipi akhala akundifunsa kuti agule chimbale chiti. Ndiyankhe kamodzi kuti onse amve. Yambani ndi Audio cha mu 1999. The Complex cha mu 2003 chiyambe chadikira.

Zimbale zonse ziwirizi ndi za Blue Man Group, gulu la zisudzo limene Chris Wink, Matt Goldman ndi Phil Stanton anayambitsa ku New York, ndipo kuchokera mu 1991 linkasewera ku nyumba ya zisudzo ya Astor Place Theatre. Pa siteji anthuwa satulutsa liwu ngakhale limodzi. Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi zoyimbira zimene anadzipangira okha, choncho ine ndikamamvetsera chimbale chawo ndimafuna kudziwa chinthu chimodzi: mapaipiwo akumveka, kapena aphimbidwa?

Mapaipi ake ndi a PVC, omwe aja a madzi. Paipi iliyonse amaidula mwa muyezo wake, yaitali imalira pansi, yaifupi imalira pamwamba, ndipo amamenya pakamwa pake ndi chomenyera chophwatalala chofewa. Chimene chimatuluka si kulira kwa ng'oma yachikopa ayi. Ndi "pomu" wozama, wamfupi, amene umamumva ngati wakugunda pachifuwa kenako n'kuzimiririka msanga. Palinso chimene amachitcha Drumbone: mmodzi amamenya ndi ndodo pamene anzake akukoka ndi kukankha paipi yolowa mu inzake, mawu n'kumatsika ndi kukwera osaduka.

Mu Audio zinthu zimenezi ndi zimene zili patsogolo. Mulibe woyimba ndi pakamwa. Magitala alimo, ng'oma zikuluzikulu zilimo, koma amene akutsogolera nyimbo ndi mapaipi, ndipo amapatsidwa nthawi yokwanira. Kachidutswa kamodzi kamabwerezedwa, pamwamba pake n'kuwonjezapo kena, kenanso, mpaka khutu limayamba kutsata mizere itatu nthawi imodzi. Sanangojambula zimene zimachitika pa siteji, anatenga nyimbo za m'masewero awo n'kuzikulitsa kuti ziime pazokha popanda kuona nkhope zabuluu zija. Chimbalechi chinafika pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya zoyimba ya ku America yotchedwa Grammy, ndipo kwa ine chinayeneradi.

Mu The Complex anaitanamo oyimba odziwika monga Dave Matthews ndi Gavin Rossdale. Amayimba bwino, palibe wokana. Koma munthu akangotsegula pakamwa, khutu limathamangira kwa iye, ndipo mapaipi aja amabwerera kumbuyo kukathandizira magitala a rock. Ndikachimvetsera ndimamva chisoni, chifukwa chimene chinandikokera kwa gululi chimasanduka chokometsera chabe. Magulu a rock okhala ndi woyimba wabwino alipo ambirimbiri, koma la mapaipi otere ndi lomweli.

Ngati mukufuna nyimbo zoti anthu aziyimba nawo pa chisangalalo, The Complex chapambana. Ngati mukufuna zomvetsera mukugwira ntchito, Audio sichisokoneza chifukwa chilibe mawu. Palinso Three cha mu 2016, chimene chinabwereranso ku zoyimbira, koma chimenecho mudzachipeza mukatha choyamba.

Tsono chenjerani ndi kumene mukugula, apa m'pamene panandiwawa. Wogulitsa wina pa intaneti anandigulitsa mafayilo olembedwa dzina la Audio, chithunzi cha chikuto chilipo bwinobwino. Nditatsegula, ndinapeza kuti ndi mawu ochotsedwa mu vidiyo imene munthu anajambula ndi foni ali pakati pa oonerera. Anthu akuwomba m'manja, wina akutsokomola pafupi, ndipo mapaipi aatali aja, amene ndiwo mtima wa nyimbozi, akungomveka ngati munthu akugogoda katoni. Nditapempha kuti andibwezere ndalama, anandiuza kuti adulapo kaye ya "ntchito", imene sinalembedwe paliponse pamene ndinkalipira. Mpaka lero zimandipweteka, makamaka poganiza kuti wina angamve zinyalala zimenezo n'kuganiza kuti chimbale chenicheni n'chotero.

Chimbale chenicheni chinajambulidwa mu studio, simumveka anthu akuwomba m'manja kapena kukuwa. Gulani CD yeniyeni kapena mvetserani pa mapulogalamu ovomerezeka a nyimbo. Ndipo musachiweruze ndi sipika ya foni, chifukwa kasipika kameneko sikatha kutulutsa mawu apansi, ndiye theka la nyimbo limasowa. Valani mahedifoni abwino kapena lumikizani sipika yokhala ndi besi, muyambire pa nyimbo yotchedwa PVC IV, kenako Drumbone.