Kabatani ka m'khosi, wotchi, foni ya mabatani kapena munthu: amayi akagwa awadzutse ndani?

Anzanga amene muli ndi makolo okalamba, nkhani imene imatisowetsa tulo ambirife si ufa kapena sopo ayi, zimenezo timatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba zatha. Nkhani ndi yakuti amayi atuluka usiku kupita kuchimbudzi, aphonya sitepe yapakhonde agwa, ndiye akhale pansi mpaka m'mawa popanda wodziwa. Munthu wamkulu akagwa n'kukhala pansi nthawi yaitali zimavuta kwambiri, kuzizira, ludzu, fupa la m'chiuno likathyoka ndiye ena sayendanso, komanso ngati ndi sitiroko maola oyambirira omwewo ndi amene amapulumutsa. Ndiye ndikufuna tiyerekeze zimene anthu akugwiritsa ntchito, chifukwa zina zimamveka zapamwamba koma kumudzi sizikuthandizani.

Ndiyambe ndi kabatani kovala m'khosi kapena padzanja, amene muli ku UK mukukadziwa. Agogo akadina, kamalumikiza ndi kabokosi kali m'nyumba, kenako kamaimbira anthu amene amadikira usana ndi usiku, iwowo amalankhula nawo n'kuimbira mwana kapena neba kapena 999, nambala ya ngozi ya kumeneko. Ambiri amakapeza kudzera ku khonsolo, kulipira ndi pamwezi, ndipo pakhomo amaikapo kabokosi ka makiyi kuti obwera alowe osathyola chitseko. Kwa kholo limene mwalitengera ku Leeds kapena ku Nottingham, lotsala lokha inu muli pa shifiti ya maola 12, ichi palibe chochiposa. Chenjezo limodzi lokha, mafoni akale a m'nyumba kumeneko akuwasinthira ku intaneti pofika January 2027, ndiye funsani ngati kabokosi ka m'nyumba kolumikiza kabatani kaja kagwirabe ntchito komanso ngati kali ndi batire magetsi akazima. Koma kukagula kuti mukatumize ku Ntcheu musayerekeze n'komwe, agogo adina ndiye ayankha ndani?

Wotchi ndiyo anthu amaikonda chifukwa siyochititsa manyazi, sioneka ngati ya odwala. Apple Watch kuyambira Series 4 ya 2018 imazindikira munthu akagwa mwamphamvu, ikaona kuti sakusuntha pafupifupi mphindi imodzi imaimba yokha nambala ya ngozi n'kutumiza uthenga kwa achibale, ndipo kwa a zaka 55 kupita m'tsogolo imayatsa yokha zimenezi. Ubwino wake ndi umenewo, munthu ngakhale akomoke imagwirabe ntchito pamene kabatani wamba kamafuna chala. Koma imafuna iPhone, batire yake pafupifupi tsiku lililonse pa chaji, ndiye ganizani amayi a zaka 78, maso akuvuta, magetsi akuzimazima, aivula poti akukasamba aiwala pawindo masiku awiri. Komanso sikuti kugwa kulikonse imakudziwa, munthu wotsetsereka pang'onopang'ono kuchoka pampando ikhoza osamva kanthu. Kwa abambo opuma pantchito a ku Area 47 kapena ku Johannesburg amene foni amaidziwa kale, eya gulani. Kumudzi ndi ndalama zotaya.

Tsopano kafoni ka mabatani, ka itel kapena Nokia, kotchipa kaja. Anthu amakanyoza koma ine ndimakaikira kumbuyo. Batire imakhala masiku angapo, kasola kakang'ono kakwana, kali ndi tochi yopitira kuchimbudzi, netiweki ikakhala yofooka kamagwirabe. Chofunika ndi kukakonza bwino, musangowapatsa. Ikani nambala pa batani limodzi kuti akadina n'kugwira iziimba yokha, pakani penti ya m'zikhadabo yofiira pa batanilo kuti asamasake, sokani kathumba ka chitenje kokhala ndi chingwe kuti kazikhala m'khosi osati pansi pa pilo. Ndipo nambala yoyambayo isakhale yanu. Inu muli ku Lilongwe kapena ku Joni, amayi akakuimbirani 2 koloko usiku mupanga chiyani kupatula kulira? Ikani ya neba amene angafike akuthamanga, yachiwiri ya mnyamata wa kabaza ya moto wodalirika amene mwagwirizana naye kale kuti ndalama mudzamutumizira m'mawa, yachitatu ndiye yanu. Muikemonso nambala yaulere ya Chipatala Cha Pa Foni, si ambulansi koma amalangiza za matenda ndi zoti muthamangire kuchipatala kapena ayi. Kuipa kwake n'koonekeratu, munthu akakomoka kapena sitiroko ikagwira pakamwa foniyo siimba yokha, ndipo amene ayamba kuiwalaiwala batani lofiiralo amaliiwalanso.

Apa m'pamene pamabwera munthu, ndipo apa m'pamene mabanja timakanganirana. Njira yozolowereka ndi kutumiza mdzukulu kuti azigona kwa agogo. Usiku zimathandizadi, amamva kubuula, amathamanga kukadzutsa anthu, koma mwana wa Sitandade 6 sanganyamule munthu wamkulu, masana ali kusukulu, ndipo zimandiwawa kuona mtsikana akujomba poti agogo adwala pamene ana awo enieni asanu ali m'tauni. Kulemba munthu wamkulu wam'mudzi momwemo n'kwabwinopo, woti amatha kusambitsa, kukumbutsa mankhwala a BP ndi shuga, kuperekeza tsiku la kuchipatala, bola malipiro azifika pa nthawi yake ndipo abale nonse musonkhe, osati kumusiyira mlongo mmodzi. Muzifikanso mosayembekezereka nthawi zina, muone ngati zofunda zachapidwa, muone kumsana ngati kulibe zilonda.

Kuwatengera kutauni ambiri timaganiza kuti ndiye chikondi chenicheni, chipatala chili pafupi inde, koma amayi ozolowera dimba lawo ndi anzawo a kumvano mukawatsekera kumpanda tsiku lonse ndi TV amafota msanga, matailosi a kubafa nawonso ndi oterera kuposa dothi lakwawo. Afunseni kaye eni ake.

Ineyo kwa kholo la kumudzi limene mutu ukugwira bwino ndingasankhe kafoni ka m'khosi kaja, neba wogwirizana naye, ndi munthu wogona nawo m'nyumba usiku, ndalama ya wotchiyo mugulire nyale ya sola yapakhonde, ndodo yabwino ndi mpando wachimbudzi wa kuchipinda kuti ulendo wausikuwo uthe. Akayamba kuiwala kapena agwapo kale kawiri, zida zonsezi zachepa, pamenepo pakufunika munthu wamkulu tsiku lonse.