Ndinapita pa ulendo wotsata njanji yakale ya Limbe mpaka Nsanje, nazi zomwe ndinaona

Anthu angapo akhala akundifunsa za ulendo uja ndinaika zithunzi zake, eti unali bwanji, kodi ndi wofunika kulipira kapena ndi zongotidyera ndalama, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Ndi ulendo wa masiku awiri omwe anyamata ena a ku Blantyre amakonza, amakutengani pa galimoto kutsata njanji yakumwera ija kuchokera ku Limbe kutsetsereka mpaka ku Nsanje. Dzina lawo sinditchula chifukwa pali zina ndidandaule pansipa ndipo sindikufuna kuwaphera bizinezi, ndi ana oti akungoyamba kumene. Mtengo sindilembanso, ndi mmene mafuta akusinthira masiku ano mudzangonditukwana kuti ndinanama, afunseni nokha.

Ine chomwe chinandikoka ndi agogo anga aakazi. Malemuwo ankagula nthochi ku Sandama nkumakagulitsa ku Limbe pa sitima, ndiye tili ana nkhani zawo zinali za Khonjeni, Sandama, Thekerani, Sankhulani, mayina oti ine ndinkangowamva ngati nthano osadziwa kuti malowo amaoneka bwanji. Nditaona kuti pali anthu akutengera anzawo kumeneko ndinangoti basi ndikupita, ndinamukoka msuweni wanga tinalembetsa.

Tiyambe ndi zoipa kuti zichoke. Anati tikumane 6 koloko mmawa ku Limbe, tinanyamuka 8 itadutsa chifukwa dalaivala anali akusaka dizilo, chabwino zimenezo nzathu tonse tikuzidziwa. Koma galimoto anati ndi yamphamvu yoyenda mmisewu yafumbi, kubwera kwake ndi kaminibasi kotopa kale koti chitseko kutsegula mpaka kondakitala achite kumenya ndi chibakera. Tinalipo anthu naini. Madzi akumwa anati alipo, analipo zoona, botolo limodzi limodzi la hafu lita kwa munthu wopita ku chigwa cha Shire, aise, amene munafikako ku Nsanje mukudziwa kuti kumeneko botolo limodzi ndi nthabwala.

Koma mnyamata wotilongosolera zinthu uja, gaidi, ameneyo ndiye dolo. Sanali kuwerenga papepala ayi, zinali mmutu, ndipo ukamufunsa sakwiya. Tili pa siteshoni ya Limbe anayamba ndi funso loti kodi mukudziwa chifukwa chake azungu anamanga njanji imeneyi, tonse tinati kaya, kuti azinyamula tiyi. Iye anati tiyi anabwera pambuyo, vuto lenileni linali mtsinje wa Shire. Nthawi imeneyo katundu yense wolowa mdziko muno ankabwera pa sitima zapamadzi kuchokera ku doko la Chinde ku Mozambique kudzera mu Zambezi nkulowa mu Shire, kenako anthu a mtengatenga nkumasenza pamutu kukwera naye mapiri mpaka ku Blantyre. Ndiye madzi a mu Shire anayamba kuchepa chaka ndi chaka, masitima nkumatitimira mumchenga. Poyamba ankafuna njanji iyambire pa Chiromo koma madzi ataphwa kwambiri anaona kuti ngakhale pa Chiromo sitima sizifika bwinobwino, ndiye anakayambira kumunsi ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje. Kampani yake inali Shire Highlands Railway ndipo njanji inafika mu Blantyre mu 1908, mtunda wa mamailosi 113. Ine sukulu yonse ija palibe anandiuzapo kuti njanji yoyamba mdziko muno inayambira ku Nsanje kukwera kumtunda, ndinkangoganiza kuti zonse zinayambira ku Blantyre.

Kuchoka ku Limbe mpaka Luchenza palibe zambiri, msewu wa tala, minda ya tiyi, zithunzi ziwiri zitatu basi. Ulendo weniweni umayamba mukasiya tala nkuyamba kutsetserekera ku Ruo. Njanji ija imatsata mtsinje wa Ruo, tsidya linalo ndi Mozambique, moti foni yanga inafika pondilandira ndi uthenga wa Chipwitikizi. Ku Sandama tinatsika nkuyenda wapansi munjanji mwina ola lathunthu, ndipo apa mpamene ndinamvetsa chifukwa chake agogo ankaitchula sitima ija ngati munthu wapachibale. Malowa ndi azigwembe, misewu yake ndi yoti mvula ikangogwa galimoto iwalani, ndiye sitima inali chilichonse, msika, ambulasi, basi ya ana asukulu, zonse. Tinakumana ndi madala ena atakhala pakhonde la nyumba ina yakale ya kampani ya njanji, gaidi anawapatsa moni mwaulemu nkuwapempha kuti agogo tawauzeniko alendowa mmene kunkakhalira kuno tsiku la sitima. Madalawo anaseka kaye, kenako anati ana anga, pano pomwe mwaimapo simukanapeza poponda, mikoko ya nthochi inkachita kuunjikidwa ngati chulu, amayi kumakanganirana malo mmabogi. Ndinawafunsa kuti nanga nthochizo zili kuti agogo, poti ine sindinaone zambiri mnjira monse. Anati zinapita kawiri, sitima itasiya kudalirika kenako matenda a chisaka aja anamaliza zotsalazo. Anatero akusenda chinangwa ndi kampeni, osatiyang'ana nkomwe.

Apa ndidandaule kachiwiri. Madala aja anatipatsa nkhani yoposa zonse zomwe tinamva tsiku limenelo koma okonza ulendo sanawasiyire kalikonse, tinachita kusonkherana tokha timakobili mmatumba. Ine ndinamuuza gaidi pambali kuti achimwene izi sizoona, ngati mukudziwa kuti muzibweretsa anthu kwa agogowa ikani kenakake pa mtengo wa ulendo kakhale kawo. Anavomera, kaya adzachita.

Tinagona kufupi ndi ku Muona pa resiti hausi ina yake. Neti inalipo koma yobooka malo atatu, ndinamanga ndi timalaba ta tsitsi ta msuweni wanga. Chakudya ndiye sindinganame chinali bwino, nsima ya mlamba wowamba wothira tomato wambiri ndi chisoso, ndinapempha mtanda wina wachitatu opanda manyazi. Usiku umenewo gaidi anapitiriza nkhani ija tili panja poti mkati munali ngati uvuni. Anati ngakhale ku Port Herald madzi anapitiriza kuvuta ndiye mu 1915 anaitalikitsa njanji mpaka ku Chindio mmbali mwa Zambezi, mu 1922 ina yochokera mbali ya ku Beira inafika tsidya lina la mtsinjewo, koma pakati panalibe mlatho ndiye katundu ankatsitsidwa, kuwolotsedwa pamadzi, nkukwezedwanso mu sitima ina. Mpaka mu 1935 pomwe anamaliza mlatho wa Dona Ana pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika makilomita atatu ndi theka kuposerapo, chaka chomwechonso njanji inafika ku Salima. Kuyambira pamenepo kwa zaka zambirimbiri pafupifupi chilichonse cholowa ndi kutuluka mdziko muno chinkadutsa njanji yomwe tinali kuyendapo ndi mapazi ija, fodya, tiyi, thonje, mafuta, ngakhale anthu. Ya ku Nacala inabwera mochedwa mu 1970. Chomwe chinayamba kuipha ndi nkhondo ya ku Mozambique, njanji ya ku Beira inkaphulitsidwa pafupipafupi mpaka mu 1986 mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa, basi njira ya kunyanja inatsekeka, kunangotsala ka sitima ka mkati mwa dziko.

Tsiku lachiwiri ndi lomwe ndinganene kuti ndalama zanga zinabwerera. Kuti ufike ku Makhanga pano umakwera bwato chifukwa madzi osefukira a mu Januwale 2015 anapangitsa Ruo kusiya njira yake yakale nkung'amba njira ina, kudula msewu ndi njanji yomwe. Pali malo ena njanji ili lende mmalere, dothi lonse la pansi linapita, zitsulo ziwiri zokha zangoti tantha ngati waya woyanikapo zovala, malo ena yakwiririka mumchenga moti gaidi anachita kufukula ndi phazi kuti tione mutu wa chitsulo. Pena zitsulo zogonekapo njanji zija anthu anazula, ndinaona china atachiika ngati kamlatho pa ngalande ya kumunda, china chili mpanda wa khola la mbuzi, ndipo kunena zoona sindinathe kuwaweruza. Kuchoka apo tinakwera makabaza mpaka pa mlatho wa Chiromo, pomwe Ruo ankakumana ndi Shire. Mlathowo ulipo ndithu wachitsulo, njanji ili pakati, poyamba pankadutsa sitima ndi magalimoto omwe. Gaidi anati umenewu si woyamba, woyambawo madzi anaukokolola mu 1948. Ukaima pakati pake kumpoto ukuona dambo la Elephant Marsh kungoti mbee mpaka kosaoneka mathero, pansi namasupuni akuyandama, asodzi mmabwato awo. Mlatho wabwinobwino koma mbali zonse ziwiri sukupita kulikonse.

Ukawoloka nkuyenda pang'ono umafika pa Mtayamoyo, dzina lokhalo likukuuzani. Apa mpomwe madzi anadula mu 1997 nkusiya chiphompho chamadzi pakati pa Chiromo ndi Bangula, ndipo kuyambira chaka chimenecho sitima yochokera ku Limbe inkathera pa Makhanga mpaka 2015 inadzamaliza zonse. Ganizani mwana wobadwa mu 1997 pano ndi bambo kapena mayi wa ana, sanaonepo sitima ikuwoloka pamenepa. Tinakwera bwato limodzi ndi mayi wina wobereka mwana, matumba awiri a chimanga, njinga yakapalasa ndi mbuzi yomangidwa miyendo, madzi atatsala pang'ono kufika mmilomo mwa bwato. Majekete odzitetezera pamadzi omwe okonza ulendo analonjeza pa WhatsApp, ziii, panalibe ngakhale limodzi. Ichi ndiye chondikwiyitsa kwambiri pa zonse chifukwa mmadzi amenewa muli ng'ona ndi mvuu, si zoseweretsa. Msuweni wanga anagwira mkono wanga mpaka zikhadabo kulowa, wopalasa akungoseka nkumayankhula Chisena ndi mnzake, mayi uja akuyamwitsa mwana ngati ali pakhonde pakwawo. Ife tinalipira kuti tidzaone zimenezi ngati zodabwitsa, iwo ndi njira yopitira kuchipatala ndi kumsika tsiku lililonse, ndipo ndinachita manyazi pang'ono ndi foni yanga mmwamba.

China choseketsa koma chomvetsa chisoni, minibasi yathu sikanatha kuwoloka ndiye dalaivala ananyamuka mbandakucha kuzungulira msewu wa East Bank mpaka pa Thabwa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, kutsika ndi M1 kudzera Nchalo ndi Ngabu kuti adzatipeze pa Bangula. Ife tinawoloka nkumudikira maola awiri tikumwa thobwa pansi pa mtengo. Malo oti ukuwaona ndi maso tsidya linalo, galimoto imatha theka la tsiku.

Kuchoka pa Bangula kupita ku Nsanje tinathamanga chifukwa nthawi inali itatha kale ndi kuchedwa kwa dzulo kuja. Mbali imeneyi nkhani ndi ina, pali ntchito yokonzanso njanji kuchokera ku Marka kumalire kubwera ku Bangula, makilomita 72, ndipo mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira inafika pa Marka patapita zaka pafupifupi makumi anayi. Ndiye pena mumaona miyala yatsopano ndi zogonekapo njanji za simenti, pena njanji yakale yomera mitengo pakati. Pa boma la Nsanje anationetsa siteshoni yakale mwachangu kenako doko lija a Bingu wa Mutharika anatsegula mu 2010, konkiriti yokhayokha mmbali mwa Shire, ana akusambira. Gaidi anangoti mwaona, vuto lija la 1908 ndi lomweli, tikusakabe njira yofikira kunyanja, ndiye tonse tinangoseka poti kutentha kunali kutatimaliza. Ku Marka sitinafike ngakhale zinali pa pulogalamu, ku Dona Ana ndiye musayembekezere nkomwe, kumeneko ndi ulendo wina wofuna pasipoti.

Ndiye kodi ndingakuuzeni kuti pitani? Eya pitani, koma pitani mukudziwa kuti si ulendo wokapuma. Pa 10 ine ndikuwapatsa 7, ndipo mwa 7 ameneyo 5 ndi wa gaidi yekha. Musapite nthawi yamvula zivute zitani, komanso Okutobala ndi Novembala kumeneko ndi moto, bola Juni kapena Julayi ngati mmene tinachitira ife. Tengani madzi anu chigubu cha malita asanu, chipewa, nsapato zotseka chifukwa munjanji muli minga ndi miyala yakuthwa, ndalama zapamanja zing'onozing'ono za bwato ndi kabaza poti netiweki ya mobayilo mane imasowa malo ambiri, ndi mankhwala a udzudzu. Ana ang'onoang'ono asiyeni kunyumba. Ndipo musanalipire dipoziti afunseni akutumizireni chithunzi cha galimoto yeniyeniyo ndi cha majekete aja, akayamba kuzungulirazungulira auzeni kuti mubwera ndi lanu achotsere pa mtengo.