Mipando yokonzedwanso ndi yabwino, koma funsani zimene anasintha mkati

Ndemanga iyi ikukhudza katundu wa mu ofesi amene tinagula kwa kampani ina yomwe imatenga mipando, madesiki ndi makabati m'maofesi amene akusamuka kapena kutseka, n'kuzikonza ndi kuzigulitsanso. Tagwiritsa ntchito katunduyu kopitirira chaka. Makabati achitsulo tikuwapatsa nyenyezi zisanu, mipando zinayi, madesiki ziwiri basi.

Wogulitsayo amagawa katundu wake m'magulu A ndi B, ndipo apa m'pamene ogula ambiri amasokonezeka. Gululo limanena za maonekedwe okha: kukalika kwa penti, madontho a pansalu, kuchucha kwa pulasitiki. Silinena kanthu za silinda (chitsulo chokweza ndi kutsitsa mpando), siponji kapena mawilo. Mpando wa gulu A ukhoza kukhala wongotsukidwa ndi kupopera mankhwala onunkhiritsa, pamene wa gulu B, ngakhale uli ndi zipsera pamiyendo, anausintha ziwalo zonse zimene zimatha. Musanalipire, pemphani kuti akulembereni ziwalo zimene asintha pa mpando uliwonse. Akayamba kuzengereza, dziwani kuti anangopukuta.

Mipando imene tinalandira inali yosakaniza: Aeron ya kampani ya Herman Miller, imene inayamba kugulitsidwa mu 1994, Leap ya kampani ya Steelcase ya mu 1999, ndi ina yopanda dzina lodziwika. Mafelemu a mitundu iwiri yoyambayo sakuonetsa kutopa ngakhale pang'ono, ndipo chomwe chimaisangalatsa kwa wokonza n'chakuti pafupifupi chiwalo chilichonse chimamasuka ndi sipanala kapena sikuludilaiva, ndipo chatsopano chimapezeka. Za Aeron dziwani kuti ili ndi masaizi atatu, A, B ndi C, amene sakukhudzana ndi magulu A ndi B a wogulitsa aja. Pisani chala kuseri kwa chotsamira msana, cha kumtunda: kachotupa kamodzi ndi A, tiwiri ndi B, titatu ndi C. Mpandowu ulibe siponji pokhalira, uli ndi ukonde wokungidwa pa felemu yolimba, choncho munthu wa thupi lalikulu akakhala pa saizi A, m'mphepete mwa felemu mumam'dinda m'ntchafu. Wogulitsa wathu sanalembe masaizi pa invoisi, zimene zinachititsa kuti tiyambe kusinthanitsa mipando pakati pa antchito titailandira kale.

Vuto lalikulu linali masilinda. Silinda ndi chitsulo chija chimene chimakweza ndi kutsitsa mpando. Mkati mwake muli mpweya wa nayitirojeni wopanikizidwa, wotsekedwa ndi timphira. Timphirato tikatha, mpando umayamba kutsika wokha pang'onopang'ono munthu ali pomwepo, mpaka zigongono zimafika pansi pa desiki. Mipando ingapo imene wogulitsa anaisiya ndi masilinda akale inayamba kutero miyezi yoyambirira. Kuyesa n'kosavuta: kwezani mpando mpaka pamapeto, yezani kuchokera pansi kufika pokhalira, khalanipo mphindi khumi osakhudza chogwirira, kenako yezaninso. Ukatsika ngakhale sentimita imodzi, silindayo yayamba kale kufooka. Onaninso chidindo cha pa silindayo. Class 4 ili ndi khoma lochindikala kuposa Class 3, ndipo ndi imene iyenera kuikidwa pa mpando wokhalapo tsiku lonse. Ngati palibe chidindo chilichonse, musaikhulupirire.

Kusintha silinda si ntchito ya mmisiri wamkulu, koma pali njira yake. Ilibe mazinga kapena bawuti; mbali zonse ziwiri n'zosongoka pang'ono ndipo imangodzikhomerera ndi kulemera kwa munthu. Gonekani mpando chafufumimba, menyani tsinde la miyendo isanu ndi nyundo ya rabala pafupi ndi pakati mpaka lichoke. Kenako gwirani silindayo ndi sipanala ya mapaipi pafupi kwambiri ndi makina a pansi pa mpando, n'kupotokola. Ikakana, thiraniponi mafuta omasulira dzimbiri, dikirani theka la ola. Musaiwotche ndi moto, musaiboole, chifukwa mpweya uli mkatimo ungakuvulazeni. Pogula yatsopano yezani utali wa yakaleyo, ndipo onani mmene imatsegukira: yambiri ili ndi kabatani pamwamba, koma ina imakokedwa ndi kawaya ka m'mbali, ndipo ziwirizi sizilowana. Yatsopanoyo simuimenya ayi. Mumangoilowetsa n'kukhalapo.

Chinyengo china chofala pa malonda amenewa ndi nsalu yatsopano yokutira siponji yakale. Pa chithunzi mpando umaoneka wa m'sitolo, koma pakatha ola limodzi munthu amayamba kumva thabwa kapena pulasitiki ya pansi. Dindani pokhalira ndi chibakera mwamphamvu. Siponji yabwino imakana, ndipo imabwerera nthawi yomweyo. Yotha imalola kuti mufike pansi, ndipo pakati pamatsala kachigwa. Pa mpando wa ntchito pamafunika siponji youmbidwa mu chikombole, yolemera pafupifupi makilogalamu 50 mpaka 60 pa kiyubiki mita. Yodulidwa ku chipepala cha siponji wamba, ngati ya matiresi otchipa, imaphwa msanga. Nsalu nayonso ili ndi muyezo wake wotchedwa Martindale, umene umawerenga kuti yakhudzidwa kangati isanayambe kuperepeseka. Ya mu ofesi isachepere 40,000. Pa mbali iyi wogulitsa wathu anachita bwino pa mipando ya Leap, siponji inali yatsopanodi, koma pa yopanda dzina ija anangovundikira.

Mawilo ndi nkhani yaing'ono imene imaononga pansi pa ofesi yonse. Olimba a nayiloni ndi a pa kapeti; pa matailosi kapena pa matabwa pamafunika ofewa, okutidwa ndi polyurethane. Mipando yochokera m'maofesi akuluakulu nthawi zambiri imabwera ndi olimba chifukwa kumeneko kunali kapeti, ndipo palibe amene amakufunsani za pansi panu. Kamtengo kolowa m'mwendo kawirikawiri kamakhala ka mamilimita 11, koma mipando yambiri ya IKEA imagwiritsa ntchito ka 10, choncho yezani musanaitanitse. Wilo likamakana kuzungulira, musafulumire kulitaya: nthawi zambiri ndi tsitsi ndi ulusi zokulungana pa ekiselo.

Tsopano madesiki, amene anatikhumudwitsa. Miyendo ndi mafelemu achitsulo zilibe chilema. Penti yake yaufa ikugwirabe, ndipo zingathe kutumikira ofesi yachitatu ndi yachinayi. Chovuta ndi matabwa a pamwamba. Ndi chipibodi cha mamilimita 25, ndiye kuti utuchi wopanikizidwa ndi guluu, wokutidwa ndi chikutiro cholimba chonga pulasitiki chotchedwa melamine. Thabwa lotere silipirira kumasulidwa ndi kumangidwanso. Sikuluu ikatuluka koyamba imatuluka ndi utuchi, ikabwerera pa bowo lomwelo imangozungulira osagwira. N'chifukwa chake madesiki ena amagwedera munthu akamalemba pa kompyuta. Madesiki opangidwa mwanzeru amakhala ndi tizitsulo ta mazinga tomizidwa m'thabwa, momwe mumalowa bawuti ya M6, ndipo amenewo mungawamasule kambirimbiri popanda vuto. Gwadani muyang'ane pansi pa desiki musanagule. Pa amene alibe tizitsuloto, njira imene yatithandiza ndi kusuntha felemu masentimita awiri kapena atatu, kuboola timabowo tatsopano totsogolera, n'kumanga ndi masikuluu osapitirira mamilimita 20 kuti asatulukire pamwamba. Kuthira guluu m'bowo lakale kumangogwira masabata ochepa.

M'mphepete namo muli nkhani. Kalamba ka pulasitiki ka ABS, ka mamilimita awiri, kakamatuka pang'ono pokha, madzi a pokolopa kapena a m'kapu amalowa, utuchi umafufuma, ndipo sufwampukanso. Desiki yofufuma pakona sikonzeka. Tikanakonda kuti wogulitsa azipereka mwayi wogula felemu yokha, munthu n'kuikapo thabwa latsopano, m'malo mokakamiza kutenga zonse pamodzi.

Madesiki okwera ndi kutsika ndi magetsi ali ndi msampha wawo. Miyendo, kabokosi kolamulira ndi mabatani zimayenera kukhala za banja limodzi. Pomasula ofesi yaikulu, anthu amaponya timabokosi tonse m'katoni imodzi, ndipo pomanganso amangotola kalikonse. Zotsatira zake mwendo wina umatsogola, desiki imapendekeka, kenako imaima n'kuonetsa nambala ya vuto. Nthawi zambiri zimatheka pochotsa katundu yense pamwamba, n'kudina batani lotsitsa osasiya mpaka desiki ifike pansi penipeni ndi kudzigwedeza pang'ono. Pamenepo miyendo yayambiranso pamodzi. Zikapanda kutheka, kabokosiko si kake. Kumbukiraninso kuti mamota ambiri a madesiki otere anapangidwa kuti azigwira mphindi ziwiri n'kupuma mphindi 18. Woyesa desiki poikweza ndi kuitsitsa mosalekeza amaitenthetsa yekha, kenako n'kumati ndi yakufa.

Makabati achitsulo palibe chodandaula. Madilowa akuyenda bwino titangopaka girisi pang'ono m'njanji zake, ndipo chotchinga chimene chimaletsa kutsegula madilowa awiri nthawi imodzi, kuti kabati isagwere munthu, chikugwira ntchito pa onse. Chokhacho, werengani makiyi tsiku lolandira. Nambala ya kiyi imakhala yodindidwa pa loko, choncho wotayika amadulitsidwa mosavuta. Koma ngati mukusungamo mafayilo a antchito kapena a ndalama, sinthani mtima wa loko, chifukwa simudziwa kuti makiyi ena a ofesi yakale ali m'thumba mwa yani.

Ambiri amagula katundu wotere pofuna kuchepetsa zinyalala, ndipo chifukwacho n'chomveka. Bungwe la EPA, loona za chilengedwe ku United States, linawerengera kuti mu 2018 dzikolo linataya mipando ndi ziwiya zotere zolemera matani 12.1 miliyoni, ndipo pafupifupi 80 peresenti inakakwiriridwa kumtaya. Mpando wa mu ofesi ndi wovuta kuusungunula kuti upangidwenso chinthu china, popeza muli chitsulo, aluminiyamu, nayiloni, siponji ndi nsalu zolumikizana. Kuusintha silinda ndi siponji n'kuubwezera pa ntchito kumapulumutsa zambiri kuposa kuuphwanya.

Malamulo akulowera komweko. Ku France, lamulo la AGEC la mu 2020 limakakamiza maofesi a boma kuti gawo la katundu amene amagula, kuphatikizapo mipando, likhale logwiritsidwapo ntchito kale kapena lopangidwa ndi zinthu zobwezerezedwa. Mu July 2024 European Union inayamba kugwiritsa ntchito lamulo la ESPR, lonena za kapangidwe ka zinthu kosamalira chilengedwe, ndipo mipando ili m'gulu la zinthu zimene zikuyembekezeka kukhala ndi chiphaso cha pa intaneti chofotokoza zipangizo zake ndi kakonzedwe kake. Kwa wogula wachiwiri chiphaso chotere n'chofunika kwambiri, chifukwa lero timadalira mawu a wogulitsa basi. Palinso makampani, monga Ahrend ya ku Netherlands, amene amabwereketsa mipando pa mgwirizano wa zaka m'malo moigulitsa, n'kudzaitenganso. Ubwino wa njira imeneyi ndi woti wopanga amadziwa kuti mpandowo udzabwerera m'manja mwake, ndiye sangaumate ndi guluu pamene pakanakhala bawuti.

Zolengeza za pulasitiki yobwezerezedwa tizimve mosamala. Mu 2021 Herman Miller inayamba kuika mu Aeron pulasitiki yotoledwa isanakafike kunyanja, ndipo n'chinthu chabwino. Komabe chimene chachititsa kuti mipando ya zaka makumi awiri ikhale ikugulitsidwabe ndi kumasuka kwa ziwalo zake, osati mtundu wa pulasitiki. Mpando watsopano wolembedwa kuti ndi wosamalira chilengedwe, koma siponji yake inamatidwa ku chigoba ndipo manja ake sachoka, udzapita kumtaya tsiku limene chiwalo chimodzi chidzathyoke.

Pa kasamalidwe ka makasitomala, wogulitsayu ndi wapakatikati. Anabweretsa katundu pa tsiku limene analonjeza, wokutidwa ndi mabulangete m'malo mwa makatoni, ndipo masilinda ofooka anatumiza ena popanda kukangana, ngakhale kuti kuika tinaika tokha. Waranti yake ndi ya chaka chimodzi, ndipo siikhudza nsalu, siponji kapena matabwa a madesiki. Musayembekezere kuti waranti yaitali ya ku fakitale ikutsatirani. Kawirikawiri imathera kwa amene anagula koyamba. Vuto lina limene sangalithetse ndi la kufanana kwa katundu. Zimene ali nazo zimadalira ofesi imene yatseka mwezi umenewo, ndiye mukadzafuna kuwonjezera mipando itatu chaka chamawa, mtundu ndi nsalu yomweyo mwina sizidzapezeka. Ngati ofesi yanu ikukula, tengeranitu yoonjezera pa oda yoyamba, pamodzi ndi masilinda awiri a Class 4 ndi mawilo seti imodzi zosungira.